Nabawiya, Ukumva?

M'kanjira kathu ku Bulaq mukafunsa kuti Nabawiya amakhala pati, anthu angokuyang'anani ngati mwasokera. Koma nenani kuti mukufuna Amake Desuki ogulitsa achali, ngakhale mphaka akulozerani: nyumba yachitatu kuchokera pampopi, pamwamba pa shopu ya a Girgis osita zovala, pamene pakulendewera dengu la chingwe. Kwathu kuno dzina la mkazi wapabanja silitchulidwa pabwalo. Limalowa naye m'nyumba tsiku la ukwati, ndipo mwana wamwamuna akangobadwa limapindidwa bwinobwino n'kuikidwa pansi pa bokosi. Mwamuna wolongosoka akamakamba za mkazi wake kwa anzake amangoti "akunyumba", basi. Ine ndikulitchula lero chifukwa eni ake anandiloleza, komanso chifukwa nkhani yonse yagona pa dzinalo.

Amake Desuki anapanga achali zaka zoposa makumi anayi. Mandimu, tanaposi, karoti, tsabola, zonse m'mitsuko yadothi yondandalikidwa khoma lonse la chipinda chamkati. Manja awo anali ofiira chaka chonse, ong'aluka ndi mchere. Wogula ankaima pansi n'kuitana, dengu n'kutsika, iye n'kuikamo mbale yake, dengu n'kukwera, ndipo kawirikawiri nkhope ya mwini dengu osaiona n'komwe. Anali munthu wosalankhulalankhula, wosaseka pagulu. Ena ankati ndi ouma mtima. Ine ndimati ayi, ankangoopa maso a anthu kuposa moto.

Ndiye taonani nthabwala za Mulungu: mayi wotereyu anamupatsa a Mitwalli.

A Mitwalli ankayendetsa tiramu, ija sitima yamagetsi yodutsa pakati pa msewu. Nkhope yawo, tinene zoona, inaumbidwa mofulumira: mphuno ngati biringanya, makutu otambalala, mawu okuti akakalipira mwini ngolo ya bulu amene waima pa njanji, bulu wa msewu winawo nayenso ankasuntha. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iwo sankaimba, sankaliza chilichonse, koma ankadziwa kumvera. Musaseke, kwathu kumvera ndi luso. Woliza zingwe akafika pokoma, pamafunika munthu pakati pa omvera woti afuule "Allah!" pa nthawi yake yeniyeni, osafulumira, osachedwa, kuti wolizayo adziwe kuti zafika pamtima. Akafuula bwino, oimba amabwereza malo amenewo. Pakasowa munthu wotere, amangoliza ngati akulemba kalata yopita ku boma. Tsono luso lonseli a Mitwalli ankaliwonongera pa wailesi ya a Girgis, Lachisanu lililonse masana, ali pa benchi, kufuulira kabokosi kopanda makutu.

Chaka chimene Desuki anayamba sukulu, bambo wina anaiwala vayolini m'tiramu. A Mitwalli ataweruka anayenda wapansi theka la mzinda, vayoliniyo ili m'khwapa, kufunsa apa kufunsa apo, mpaka anam'peza mwini wake ali pafupi kulira. Anali wa m'gulu loimba la katswiri uja Ustaz Lotfi el-Banhawi, lija gulu la anthu makumi atatu limene tinkangolimvera pa wailesi. Pothokoza anawapatsa matikiti awiri a mzere wachitatu, Lachisanu dzuwa litapendeka, tsiku limene wailesi inali yoti iulutse kuimbako pompopompo kuchokera mu holo.

Amake Desuki anakana. Anati mandimu angoviikidwa kumene, sangasiyidwe okha, ngati kuti mandimu amathawa. Anati diresi lawo lakuda latuwa m'mapewa. Pomaliza ananena chenichenicho: mkazi wa achali akakhale bwanji pakati pa akazi onunkhira mafuta a ku Ulaya, ndi manja ofiirawa? A Mitwalli anachonderera masiku atatu. Mayi anangoti, "Pitani, mukandimverere." A Girgis atamva zimenezi, madzi owaza pa malaya ali mkamwa, anatsala pang'ono kutsamwa. Atapuma anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Tikiti yachiwiriyo a Mitwalli sanapatse aliyense, ngakhale kuti amuna onse a pa benchi anainyengerera. Mpando wa pambali pawo unakhala wopanda munthu.

Lachisanu limenelo kanjira konse kanasonkhana pa shopu. A Girgis anatulutsa wailesi n'kuikhazika pa mpando pakhomo ngati mlendo wolemekezeka. Amake Desuki anali pa khonde lawo lam'mwamba, kuseri kwa zovala zoyanika, akusenda adyo, kuti wina asanene kuti akumvera. M'kabokosi kameneka anthu makumi atatu ankamveka ngati athithikana m'chitini. Mavayolini ankalira mopyapyala, ng'oma ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yachisanu, ndipo pamwamba pa zonsezo kukhosomola, mipando kulira, wina kumina. Komabe tinkamva kuti mmenemo muli anthu, ndipo akupuma.

Kenaka inafika nyimbo yopanda mawu imene ankaitcha "Madzi Akubwera". Pakati pake oimba onse anasiya, n'kutsala Ustaz Lotfi yekha ndi kanuni yake, chija cha zingwe zambirimbiri chogoneka pamiyendo. Inakwera, inakwera, inazengereza pamwamba ngati ikufuna kugwa, kenaka inatsika pang'onopang'ono n'kukhazikika. Holo yonse inangoti zii. Ndipo m'kachetechete ameneyo, pafupi penipeni ndi maikolofoni, tinamva mawu aja osuntha abulu.

"Allah! Nabawiya, ukumva?"

Mu holo anthu anafa nako kuseka. Ustaz Lotfi nayenso anamveka akuseka, kenaka anabwerera poyambira n'kuliza malo onsewo kachiwiri, mokoma kuposa poyamba. Koma m'kanjira kathu palibe anamva kubwerezako. Mitu yonse inali itayang'ana kumwamba. Mbale ya adyo inagwa kuchokera pa khonde, adyo mbwee mumsewu, ndipo mazenera amatabwa anatsekedwa mwamphamvu moti fumbi linathothoka m'khoma. Apa m'pamene chikhakhali chinaphulika pa benchi.

Kutacha mlongo wawo wa mayiwa, a Abdel Maqsud, anafika kuchokera ku Imbaba atafiira maso. Anati dzina la mlongo wawo lamveka kuyambira ku Aswan kumwera mpaka kunyanja kumpoto, lalowa m'malo onse omwera khofi, amuna osadziwika alitafuna limodzi ndi fodya, ndipo iwo abwera kudzam'tenga. A Mitwalli anapepesa, anawapsompsona pamutu pamaso pa akuluakulu, tiyi anamwedwa, ndipo mlandu wa amuna unathera pomwepo. Wa m'nyumba ndiwo sunathe.

"Mwandivula pamaso pa dziko lonse," anatero Amake Desuki. Ananena kamodzi kokha, ndipo kanakwana.

A Mitwalli anayesa kufotokoza. Anati sanachite dala. Kanuni itakhazikika anatembenukira ku mpando wopanda munthu uja, mawuwo n'kungotuluka okha. Kenaka anafunsa motsitsa, ngati munthu woponda pa magalasi osweka, kuti koma kodi anamva? Mayi anatenga mpeni n'kuyamba kudula tanaposi.

Anakhala ndwii milungu iwiri. Kenaka anayambanso kulankhula za palafini, za nsapato za mwana, za mtengo wa mchere, ndipo moyo unapitirira, banja labwino ndithu, losamvekera phokoso. Funso lija lokha ndilo sanaliyankhe. Vuto linali lakuti a ku wailesi anaikonda tepi ya tsikulo, ndipo ankaibwereza kawiri kapena katatu pa chaka. Ikafika pamalo paja amuna a pa benchi ankafuula nawo "Allah!", dzinalo n'kulimeza chifukwa cha ulemu, kenaka onse pamodzi "ukumva?" A Mitwalli ankakweza maso kumwamba akumwetulira mwamanyazi. Mazenera ankatsekedwa. Zinayenda chomwecho zaka khumi ndi zisanu.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina a Mitwalli anawerama kudepoti kuti amange chingwe cha nsapato, ndipo sanaweramukenso.

Nthawi imeneyo makolo a mayiwa anali atapita kale, a Abdel Maqsud anatsatira patangotha chaka, ndipo Desuki anakwera ndege kukagwira ntchito ya zomangamanga ku Kuwait. M'makalata ake, amene a Girgis ankawawerengera, ankati "Amayi". Ogula ankati "Amake Desuki". Dzina lawo linalipo pa chiphaso cha boma, koma iwo sankadziwa kuwerenga. Pa dziko lonse lapansi panalibenso pakamwa pamene likanatulukira.

Tepi ija itabweranso koyamba, Amake Desuki anaimirira mwachizolowezi kuti atseke mazenera. Dzanja linafika pa thabwa, koma silinakoke. Anaima pomwepo mpaka mawu aja anabwera, amoyo, aphokoso, opanda ulemu monga kale, akuwaitana dzina limene amayi awo anawapatsa. Anakhala pansi pakati pa mitsuko n'kulira kulira kumene sanalire pa maliro.

Kuyambira pamenepo ankaiyembekezera tepiyo. Malaya a malemu analipo, chipewa cha ntchito chinalipo pa msomali, koma zimenezo zinali zinthu chabe. Chokhala ndi mpweya chinali chimodzi chokha, mawu atatu aja. A Girgis anadziwa, pakuti wosita zovala amadziwa zonse za m'kanjira. Ankangoona m'nyuzipepala ndondomeko ya wailesi, ndipo poika nsalu zosita m'dengu ankauza khoma kuti, "Lachisanu kuli Madzi." Tsikulo likafika ankapendeketsa wailesi kuti iyang'ane kumwamba n'kuikweza pang'ono. Amuna a pa benchi ankafuulabe "Allah!" wawo, koma "ukumva?" uja anamusiyira mwini wake.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi, Lachisanu lina, muulutsi analengeza monyadira kuti tepi yakaleyo yatsukidwa ndi makina atsopano, ndipo omvera aimva monga sanaimverepo. Ndipo sananame. Ngakhale m'kawailesi ka a Girgis chitoliro chinamveka pachokha, chimene kale sitinkadziwa n'komwe kuti chilipo. Aphunzitsi ena opuma ntchito amene ankakhala nawo pa benchi anagwedeza mutu mokhutira, nati tsopano tafanana ndi maiko otukuka, nyimbo ikumveka ngati nyimbo osati ngati msika wa nkhuku. Wometa tsitsi anati iye akumva ngati oimbawo atsekeredwa m'chipinda cha dokotala, nafunsa ngati omvera onse anamwalira. Anakangana ndithu. A Girgis anangoti shatiyo yasitidwa bwino, koma mulibe munthu.

Kanuni inakwera, inazengereza, inatsika, inakhazikika. Amuna anafuula "Allah!" mwachizolowezi, ndipo anapezeka kuti afuula okha. Panadutsa kampata kopuma kamodzi, kanuni n'kuyambanso. A Mitwalli munalibe.

Palibe anayang'ana kumwamba tsiku limenelo. Dengu silinatsike mpaka madzulo.

Lamulungu m'mawa, pakuti kwathu kuno maofesi amatsegula tsiku limenelo, Amake Desuki anavala diresi lakuda, ananyamula botolo la achali a mandimu, nakwera basi kupita ku nyumba ya wailesi. Munthu amene anakana mzere wachitatu ndi tikiti m'manja anakakhala pa benchi ya mlonda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, osadziwa dzina la amene akumufuna. Ankangoti akufuna amene anatsuka Madzi. Mlonda anawaseka, kenaka anawamvera chisoni, kenaka analawa ndimu imodzi, ndipo atailawa anakwera yekha masitepe kukafunsa.

Wotsuka Madziyo anali bambo wa zaka ngati za Desuki, dzina lake Raafat, waulemu, wa magalasi. Anawalowetsa m'chipinda chopanda zenera mmene munali amuna ena atatu ndi makina oyalidwa khoma lonse. Atamva kuti abwera chifukwa cha tepi ija nkhope yake inawala. Anati anagwira ntchitoyo miyezi iwiri. Anachotsa kukhosomola koposa mazana awiri, mipando, ofuula onse, chimodzichimodzi, kudula tepi ndi lumo n'kuilumikiza. Mayi anadikira kuti amalize, kenaka anati iwo abwerera mawu a munthu m'modzi yekha, ofuula enawo akhale.

"Uti, mayi? Ofuula 'Allah' analipo ambiri. Iyeyo anati chiyani?"

Amuna atatu aja anali atasiya ntchito, akumvetsera. Amake Desuki anayang'ana manja awo. Dzinalo anali atalitchula komaliza ndi pakamwa pawo tsiku la ukwati, pamaso pa shehe, ndipo ngakhale apo linali lonong'ona. Koma panalibe njira ina yofikira kwa a Mitwalli.

"Anati, 'Nabawiya, ukumva?'"

Raafat anaomba m'manja. Ameneyo! Anati ameneyo ndiye anamuvutitsa kuposa onse chifukwa anali pafupi kwambiri ndi maikolofoni, ndipo ofesi yonse inaseka sabata yathunthu, mpaka ankafunsana kuti Nabawiya ameneyo anamva kapena ayi. Anaseka, anzake anaseka, kenaka anayang'ana nkhope ya mayiwo ndipo kuseka kunamuthera pakhosi.

Anafotokoza tsopano mawu ali pansi. Tepi yakale inali itayamba kufumbutuka, ndipo itangokoperedwa inatayidwa. Kachidutswa kamene anadula pa yatsopanoyo kanali kotalika ngati mkono. Kanagwera pansi limodzi ndi kukhosomola kuja, ndipo wosesa anasesa. Anatsegula madilowa, anafunsa anzake, anaimba foni kuchipinda chosungira matepi, koma onse mmenemo ankadziwa kuti madzi akatayika saoleka.

"Ndikhululukireni, mayi. Ine ndinkaona ngati ndi phokoso."

"Nanenso, mwana wanga," anatero Amake Desuki. "Zaka khumi ndi zisanu."

Posowa chowapatsa, Raafat anapempha kuti akhale pa mpando wake amve chimene chatsala. Anawakhazika pakati pa zimkuzamawu ziwiri zazitali ngati zitseko, nazungulitsa tepi.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene eni ake anandiuza patapita nthawi. Zaka zonsezo nyimboyo anali asanaimvepo. Poyamba ankaitsekera kunja, pambuyo pake ankangoidikirira kuti idutse kuti mawu aja afike. Tsopano inawagwera yonse. Mavayolini sanalinso m'chitini, anali kumanzere kwawo, ambiri, akupumira pamodzi. Ng'oma anaimva m'mimba. Ndipo onse atasiya, anamva zala za Ustaz Lotfi zikukhudza zingwe, anamva kanuni ikukwera n'kuwatenga, ikuzengereza pamwamba paja mpaka iwo anaiwala kupuma, n'kutsika nawo pang'onopang'ono. Itakhazikika anapezeka atatembenukira kumanja kwawo, pakamwa pali yasa, akufuna wina woti amuuze. Kumanjako kunali mpando wopanda munthu, Raafat atapachikapo jekete. Pamenepo anadziwa chimene chinawachitikira amuna awo. Sikuti anafuna kuwachititsa manyazi. Zinangowakulira kuzimva okha.

Kanuni itayambanso, Raafat anati malo amenewa anamusokoneza: sankamvetsa chifukwa chimene Ustaz anabwerezera ndime yonse popanda cholakwika. Akuluakulu anafuna kuti adule kubwerezako, koma akadula nyimbo inkatsimphina, ndiye anangokusiya, ndi kampata kopumira kamodzi pakati.

"Anabwereza chifukwa cha bambo ake Desuki," anatero mayiwo. Anaimirira, anasiya botolo la mandimu pa tebulo, natuluka.

Miyezi inayi inadutsa. Achali ankapangidwa, dengu linkatsika n'kukwera. Tsiku lina a Girgis anaona m'nyuzipepala, ndipo anavutika mumtima ngati anene kapena asanene. Pomaliza anauza khoma, mosakweza, kuti Lachisanu kuli Madzi, koma aja otsuka.

Lachisanulo pa khonde panalibe zovala zoyanika. Amake Desuki anazianula zonse, anatsegula mazenera onse awiri, nakhala poonekera, manja ofiira ali pa chitsulo cha khonde, opanda adyo, opanda mpeni. Amene anakweza maso anawatsitsa msanga. Aphunzitsi aja anayamba kunena za ubwino wa makina atsopano, wometa anawaponda phazi.

Kanuni inatsala yokha. Inakwera. Amuna a pa benchi anakoka mpweya kukonzekera "Allah!" wawo, koma a Girgis anasiya simbi pa malaya n'kukweza dzanja, ndipo onse anaumeza. Kanuni inazengereza, inatsika, inakhazikika. Kanjira konse kanangoti zii, ngati holo ija. Ndipo m'kampata kamene lumo linasiya, kuchokera pamwamba, tinamva mawu amene ambiri a ife tinali tisanawamvepo akukwezedwa.

"Ndikumva, Mitwalli!"

Palibe anaseka. Palibe anayang'ana kumwamba. Ustaz Lotfi, amene nayenso anali atagona kumanda zaka zambiri, anabwerera poyambira n'kuliza ndime yonse kachiwiri, ndipo ulendo uno kanjira konse kanaimva mpaka pamapeto. Itatha m'pamene tinamva fungo. A Girgis, amene pa zaka makumi asanu anali asanapserezepo ngakhale mpango, anali ataotcha kolala ya malaya a aphunzitsi.